Kusankha tcheniso yogwetsera mitengo tsiku ndi tsiku

Tcheniso iliyonse imapepuka ikakhala m'sitolo. Mumainyamula kamphindi, ilibe petulo, ilibe oyilo, mwina sanaimangirire n'komwe tcheni, ndiye mumaona ngati mutha kuyenda nayo m'nkhalango kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Kulemera kwake kwenikweni kumadziwika dzuwa likapendeka, mutagwetsa kale mitengo yambiri, mukusadza nthambi chowerama, msana ukuyaka moto. Nthawi imeneyo ndi yomwe munthu amayamba kudula mwaulesi, kugwira makina ndi mikono yolefuka, kusiya kuyang'ana komwe nsonga yaloza.

Ine yanga yoyamba ndinagula ya injini yopitirira 90 cc (cc ndi muyeso wa kukula kwa injini), chifukwa pamalo pomwe ndinapatsidwa ntchito panali chimtengo chimodzi chomwe anthu awiri sakanatha kuchikumbatira. Chimtengo chija ndinachigwetsa m'mawa umodzi wokha. Miyezi yonse yotsatira ndinkadula mitengo ya thunthu la masentimita 30 kapena 40, nditasenza chimakina chomwe mphamvu yake sindinkaigwiritsa ntchito ngakhale theka. Petulo ankatha ngati thanki yabooka, ndipo madzulo manja ankakanika kumanga mabatani a shati. Funso lomwe ndinayenera kudzifunsa silinali lakuti mtengo waukulu kwambiri womwe ndingakumane nawo ndi wotani. Linali lakuti, pa mitengo 10 yomwe ndimadula pa tsiku wamba, 8 imakhala yaikulu bwanji?

Chomwe chimasiyanitsa ya akatswiri ndi ya pakhomo

Kampani imodzi yomweyo imapanga makina a magulu osiyana, utoto wake umodzimodzi, dzina lake limodzimodzi. Pali a pakhomo, odulira nkhuni mwa apo ndi apo. Pali a pafamu, olimbirapo pang'ono. Ndiye pali a akatswiri, opangidwira munthu amene amaliza injini maola ambiri tsiku lililonse. Kusiyana kwake kuli m'kati, komwe wogula saonako.

Mu tcheniso ya akatswiri, crankcase, lomwe ndi thupi la m'munsi la injini, imakhala ya magnesium, chitsulo chopepuka koma cholimba, ndipo silinda imakhala payokha pamwamba pake, yomangidwa ndi mabawuti. Pisitoni kapena silinda ikatha, makaniko amamasula mabawutiwo, n'kuika zatsopano, makina n'kubwerera kuntchito. Mu ya pakhomo injini yonse imakhala chinthu chimodzi chovalikidwa m'chigoba cha pulasitiki. Kuti mufike pa pisitoni muyenera kuphwasula pafupifupi chilichonse, ndipo kawirikawiri ndalama yokonzetsera imayandikira ya makina atsopano. Ya akatswiri imakhalanso ndi pampu ya oyilo yomwe mungathe kuiwonjezera kapena kuichepetsa, sefa ya mpweya yaikulu yochotseka popanda vuto, ndiponso sipuloketi, kagudumu ka mano kozungulitsa tcheni, yomwe kamkombero kake kamasinthidwa pakokha kakadyeka.

Makina ogulitsidwa ku United States amakhala ndi kapepala komatidwa kosonyeza maola omwe injiniyo inatsimikiziridwa kuti utsi wake ukhalabe m'malamulo: maola 50, 125 kapena 300. Amenewa si maola a moyo wa makina, koma akukuuzani zomwe opanga ankaganiza. Ya maola 50 sanaipangire munthu wogwetsa mitengo sabata yonse.

Chitsanzo chabwino chili pa makina awiri a Stihl. MS 391, ya gulu la pafamu, ili ndi injini ya 64 cc, mphamvu yake 3.3 kW, ndipo imalemera kupitirira makilogalamu 6. MS 362, ya akatswiri, injini yake ndi yocheperapo, 59 cc, koma imatulutsa 3.5 kW ndipo sifika makilogalamu 6. Woyang'ana cc yokha angatenge yoyambayo n'kumadzitama kuti wagula yaikulu, pomwe watenga yolemera komanso yofookerapo. Choncho manambala awiri oti muziwerenga pamodzi ndi ma kW ndi makilogalamu. Kwa Husqvarna chizindikiro n'chosavuta, makina awo a akatswiri ogwetsera mitengo amakhala ndi zilembo XP m'dzina lawo.

Kukula kwa injini

Makina a akatswiri amagwera m'magulu anayi, ngakhale malire ake si okhwima.

A 50 cc, monga Stihl MS 261 kapena Husqvarna 550 XP Mark II, amatulutsa pafupifupi 3 kW ndipo amalemera makilogalamu 5 kapena kupitirira pang'ono. Ndi a munthu wopatulira mitengo m'munda wa paini kapena bulugamu, komwe thunthu silipitirira masentimita 35 kapena 40 ndipo ntchito yambiri ndi yosadza nthambi. Anthu amawaderera chifukwa cha kuchepa thupi, koma pa mitengo yotereyi munthu wa 50 cc amamaliza mzere wake mnzake wa chimakina chachikulu akupumira pachitsa.

A 60 cc, monga MS 362 ndi Husqvarna 562 XP, ali pa 3.5 kW. Ngati mukufuna makina amodzi okha ndipo mitengo yanu ndi yosakanikirana, ina yaing'ono ina yapakati, gulu limeneli ndi lomwe silikhumudwitsa kawirikawiri.

A 70 cc ndiwo ogwetsera enieni: MS 462 ya 72 cc ndi 4.4 kW, yolemera makilogalamu 6, kapena Husqvarna 572 XP ya 4.3 kW, yolemererapo pang'ono. M'gulu lomweli muli akale odziwika bwino monga Husqvarna 372 XP ndi Stihl MS 382. Ngati tsiku lanu wamba ndi la mitengo yolimba ya thunthu la masentimita 50 mpaka 70, yambirani pamenepa. Mtengo wolimba umafuna injini yosagwa mphamvu tcheni chikalowa chonse m'thunthu, ndipo apa ndi pomwe ya 50 cc imayamba kubuula.

A 90 cc kupita m'mwamba, monga MS 661 ya 5.4 kW ndi makilogalamu oposa 7, kapena Husqvarna 592 XP, ndi a zimitengo zikuluzikulu ndi ochekera matabwa. Ngati ntchito yanu ndi imeneyo tsiku lililonse, gulani. Ngati chimtengo chotere mumakumana nacho kamodzi pa miyezi ingapo, ndi bwino kubwereka tsiku limenelo.

Kumbukirani kuti kulemera kolembedwa m'kabuku ndi kwa injini yokha, youma. Mukamangirira tcheni ndi bar, chitsulo chomwe tchenicho chimazungulirapo, n'kudzaza mathanki onse awiri, pa makina a 70 cc mwawonjezera makilogalamu 2 kapena kuposerapo. Komabe tisadandaule kwambiri. Makina oyambirira a Andreas Stihl ndi a Emil Lerp wa kampani ya Dolmar, a m'ma 1920 ku Germany, ankalemera kupitirira makilogalamu 40 ndipo ankagwiridwa ndi anthu awiri, wina uku wina uko.

Bar yaitali si mphamvu

Chitsulo chathyathyathya chomwe tcheni chimazungulirapo, chomwe ogulitsa amati bar, ndicho chimanyenga ogula ambiri. Ogulitsa ena amadziwa zimenezi, ndiye amamangirira bar yaitali pa kainjini kakang'ono kuti makina aoneke aukali. Koma bar siwonjezera mphamvu, imadya mphamvu. Ikatalika, mano ambiri amakhala m'thunthu nthawi imodzi, injini imakoka katundu wochuluka, pampu imavutika kufikitsa oyilo kunsonga, ndipo makina amalemera kutsogolo moti dzanja lamanzere limatopa msanga. Pa kunola, muli ndi mano ambiri oti mupitemo. Ndipo nsonga imakhala kutali ndi maso anu, komwe ingagunde nthambi kapena mwala musanaone.

Ya 50 cc imayenda bwino ndi bar ya mainchesi 15 mpaka 18. Ya 60 cc, 18 mpaka 20. Ya 70 cc, 20 mpaka 24, kapena 28 mwa apo ndi apo. Mainchesi 20 ndi pafupifupi masentimita 50.

Chomwe ambiri sadziwa n'chakuti bar siyenera kutalika kuposa thunthu la mtengo. Munthu wophunzitsidwa bwino amagwetsa mtengo wa thunthu lowirikiza kawiri kutalika kwa bar yake, podula mbali iyi kenako mbali inayo, ndiponso poboola ndi nsonga mosamala. Amayamba ndi kudula kamwa mbali yomwe akufuna kuti mtengo ugwere, lakuya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 5 a thunthu, kenako amadula kumbuyo n'kusiya kachigawo kosadula pakati, kokhuthala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10, komwe kamagwira ngati hinji ya chitseko n'kuwongolera mtengo pogwa. Pa ntchito imeneyi, kuwongolera makina molondola n'kofunika kuposa kutalika kwa chitsulo. Ambiri amene ndimawadziwa amasunga ma bar awiri, yaifupi ya masiku onse ndi yaitali yomwe imakhala m'galimoto kudikirira tsiku lake.

Tcheni ndicho chimadula

Pano ndichedwapo, chifukwa ndaona makina abwino kwambiri akunyozedwa pomwe vuto linali tcheni chobuntha. Injini ntchito yake ndi kuzungulitsa basi. Chodula ndi kadzino kakang'ono kamene kamapala mtengo ngati pulena ya kalipentala.

Dzino limeneli lili ndi mbiri yake. M'ma 1940, Joseph Buford Cox, wodula mitengo wa ku Oregon, anaona mphutsi ya kachilombo koboola mitengo ikutafuna chitsa ndi nsagwada zopindika, iyi kumanja iyi kumanzere mosinthana. Anatengera kapangidwe kameneko, ndipo mu 1947 anayamba kupanga matcheni a mano opindika osinthana mbali. Kampani yake ndi yomwe inadzakhala Oregon, ndipo matcheni a masiku ano ndi zidzukulu za tcheni chimenecho.

Pogula tcheni pali manambala atatu omwe ayenera kugwirizana ndi bar komanso sipuloketi yanu. Yoyamba ndi pitch, kutalikirana kwa mfundo za tcheni, koyezedwa mu mainchesi: .325 pa makina a 50 cc, 3/8 pa a 60 mpaka 90 cc, ndi .404 pa akuluakulu kwambiri. Yachiwiri ndi kukhuthala kwa timiyendo toyenda mu mpata wa bar, mamilimita 1.3, 1.5 kapena 1.6. Yachitatu ndi chiwerengero cha timiyendoto. Manambala onsewa amadindidwa pa bar penipenipo, chakumbuyo kwake. Mukaika tcheni cha 1.3 pa bar ya 1.6 chimalowa ndithu, koma chimagwedera, chimadula mokhota, ndipo chimadya mpata wa bar. Musanasankhe makina, funsani kuti tcheni cha manambala ake chimapezeka mosavuta kapena ayi, chifukwa chimenechi muzigula mobwerezabwereza moyo wonse wa makinawo.

Ndiye pali maonekedwe a dzino. Lina lili ndi ngodya yakuthwa ngati nambala 7, amati full chisel. Limadula mwachangu kwambiri pa mtengo woyera wauwisi, koma likangokhudza mchenga kansonga kake kamatha pompo. Lina ngodya yake ndi yobulungira, amati semi chisel. Limachedwerapo pang'ono koma limapirira khungwa la dothi, mitengo youma, ndi yomwe moto unadutsamo. Ngati mumadula pafupi ndi nthaka kapena mitengo yomwe yakokedwa pansi, tengani lobulungiralo. Liwiro lomwe mwataya podula mumalibweza posanola pafupipafupi.

Tcheni chakuthwa chimadziwika ndi zomwe chikutaya. Chimalavula tizibenthu tooneka, ndipo chimadzikoka chokha kulowa mu mtengo, inu kwanu n'kungowongolera. Chikabuntha chimatulutsa utuchi wosalala ngati ufa, mumayamba kukanikiza, bar imatentha mpaka m'mphepete mwake kuchita buluu, ndipo nthawi zina utsi umatuluka mu mdulidwe. Mukafika apo, imani. Kukanikiza tcheni chobuntha kumapha kilatchi, bar ndi injini nthawi imodzi.

Kunola si nkhani ya kumapeto kwa sabata. Ine nthawi iliyonse ndikathira petulo ndimadutsitsa tupa kawiri kapena katatu pa dzino lililonse, bar nditaipanikiza pachitsa. Tcheni cha .325 chimafuna tupa ya mamilimita 4.8, cha 3/8 ya 5.2 kapena 5.5 malinga ndi wopanga, ndipo ngodya yake nthawi zambiri ndi madigiri 30. Chomwe anthu amaiwala ndi kachitsulo kamene kali kutsogolo kwa dzino lililonse, kamene kamalamula kuya komwe dzino lingalume. Kayenera kukhala kotsika ndi mamilimita 0.65 kuchokera pansonga ya dzino. Dzino likamafupika ndi kunola, limatsikanso, ndiye kachitsuloka mukakasiya osakapala, tcheni chimakhala chakuthwa koma chosaluma. Ena akazindikira zimenezi amakapala mopitirira muyeso kuti makina azidya kwambiri. Amadyadi, koma amalumphanso, amagwedeza manja, ndipo amabweza moopsa. Kachida koyezera kuya kumeneku ndi kotsika mtengo, gulani tsiku lomwe mukugula makina.

Zoteteza moyo wanu

Tcheni chimathamanga mamita 20 kapena kuposerapo pa sekondi imodzi. Chigawo cha pamwamba cha nsonga ya bar chikagunda chinthu, tcheni chimaluma n'kuima, ndipo mphamvu yonse imaponyera bar m'mwamba chobwerera kumaso kwanu. Zimachitika mofulumira kuposa momwe munthu angadzitetezere. N'chifukwa chake pali buleki ya tcheni, yomwe inayamba kuikidwa pa makina kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Buleki yabwino imagwira m'njira ziwiri: dzanja lamanzere likagunda chotchinga chakutsogolo, kapena yokha chifukwa cha kulumpha kwa makina, ngakhale dzanja lisanakhudze. Iyeseni m'sitolo momwemo. Iyenera kulira kuti kha! ndipo tcheni chisasunthe pochikoka. Yang'ananinso kachitsulo ka pansi kogwira tcheni chikaduka kapena chikavuka, chotchinga dzanja lamanja, ndi kabatani komwe kamaletsa kuwonjezera moto mwangozi. Makina osowa chimodzi mwa zimenezi musawatenge ngakhale aulere.

Kunjenjemera ndi mdani wina, wobwera mwakachetechete. Munthu wogwira makina onjenjemera zaka zambiri amayamba kumva dzanzi m'zala, zala zimayera kukazizira, mphamvu yogwira imachepa, ndipo mitsempha ikawonongeka kwambiri sichira. Makina amakono amalekanitsa zogwirira ndi injini pogwiritsa ntchito masipuling'i achitsulo kapena mphira, njira yomwe inayamba cha m'ma 1960. M'kabuku amalemba kunjenjemera kwa chogwirira chilichonse mu m/s². Malamulo a ntchito a European Union amati pa maola 8, kunjenjemera kukafika 2.5 olemba ntchito ayambe kuchitapo kanthu, ndipo kusapitirire 5. Makina ambiri a akatswiri ali pakati pa 3 ndi 5. Mukamayerekeza makina awiri ofanana mphamvu, nambala imeneyi ikhale yogamula mlandu, chifukwa munthu wa kamodzi pamwezi saimva koma inu wa tsiku ndi tsiku mudzaimva.

Pali timakina tina tokongola, topepuka, tokhala ndi chogwirira pamwamba. Timeneto n'ta akatswiri okwera m'mitengo ndi zingwe. Si togwetsera mitengo pansi, chifukwa manja onse awiri amakhala moyandikana ndipo makina akabweza mulibe pogwirira.

Ndalama yomwe mwakonza isathere pa makina okha. Phokoso la tcheniso pakhutu limapitirira madesibelo 100, pomwe makutu amayamba kuwonongeka munthu akakhalitsa pa 85. Mukufunika helemeti ya zotseka m'makutu ndi chotchinga kumaso, nsapato zolimba, ndi thalauza la ulusi wapadera womwe tcheni chikaugwira chimaukoka n'kukatsamwitsa sipuloketi. La Class 1 limayesedwa pa liwiro la mamita 20 pa sekondi, la Class 2 pa 24, la Class 3 pa 28. Limatentha, ndikuvomereza. Onjezanipo maweji apulasitiki kapena a aluminiyamu okhomera mu mdulidwe wakumbuyo kuti mtengo usapane bar.

Tizinthu tina timaoneka ngati tachabe mpaka mutayamba ntchito. Mano achitsulo a pathupi la makina, omwe mumabaya pa thunthu n'kutsamirapo, amapumitsa mikono. Mizere yojambulidwa pachivundikiro imakuthandizani kuloza komwe mtengo ugwere. Kabatani kotulutsa mpweya mu silinda poliza kamapulumutsa phewa pa makina a 70 cc kupita m'mwamba. Manati osagwa mukamasula chivundikiro cha tcheni, amene anafufuzapo nati m'masamba ouma akudziwa phindu lake.

Kabuleta ya sikuluwu kapena ya kompyuta

Makina ambiri atsopano a akatswiri amadziyezera okha petulo ndi mpweya. Stihl amati M-Tronic, Husqvarna amati AutoTune. Mu 2019 Stihl anatulutsa MS 500i, ya 79 cc ndi 5 kW, yopanda kabuleta n'komwe, yopopera petulo molamulidwa ndi kompyuta. Ubwino wake ndi woona: mukakwera kumapiri komwe mpweya ndi wochepa, kapena sefa ikayamba kutsekeka, makina amadzikonza okha, ndipo palibe amene angawononge injini popotokola masikuluwu mosadziwa. Kuipa kwake n'kwakuti akavuta m'kati, pamafunika makaniko wa kampaniyo wokhala ndi chida cholumikizira ku kompyuta.

A kabuleta yakale ali ndi masikuluwu atatu, H ya liwiro lalikulu, L ya liwiro laling'ono, ndi ina ya kulira kwa injini ikangokhala. Makaniko aliyense wodziwa injini zazing'ono amawakonza. Koma sikuluwu ya H yapha injini zambiri. Mukaitseka pang'ono makina amalira mokoma, mokuwa kwambiri, munthu n'kumaona ngati wawonjezera mphamvu. Chomwe wachita ndi kuchepetsa petulo, ndipo pochepetsa petulo wachepetsanso oyilo ndi kuziziritsa, mu injini yomwe ikuzungulira maulendo 13,000 pa mphindi. Ndiye yankho lagona pa mtunda wa pakati pa inu ndi makaniko wodalirika. Ngati ali pafupi, ya kompyuta ndi yabwino. Ngati kukamupeza n'kutaya masiku, ya masikuluwu siidzakugonekani ndi njala.

Mfundo yomweyi ikhudzanso dzina la kampani. Anthu amakangana za Stihl ndi Husqvarna ngati za matimu a mpira, ena n'kulowetsapo Echo. Onsewa amapanga makina abwino. Wopambana ndi amene masipeya ake mungawapeze lero: sefa, pulagi, chingwe cholizira, sipuloketi, kilatchi, pisitoni. Ndi bwino kudziwanso kuti Makita, yomwe inagula Dolmar mu 1991, inasiya kupanga makina a petulo mu 2022, choncho wogula yakale ya kampaniyi afunse kaye za masipeya. A batire nawo afika patali, monga Stihl MSA 300 yomwe mphamvu yake ikufanana ndi ya 50 cc, ndipo alibe utsi, phokoso lake ndi lochepa. Koma kugwetsa mitengo tsiku lonse kutali ndi magetsi kumafuna mulu wa mabatire, ndiye pa ntchito imeneyi petulo akadali patsogolo.

Chenjerani ndi makina achinyengo, opentedwa utoto wa kampani yotchuka ndi kumatidwa dzina lake. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Buleki yake nthawi zina imakhala yongokongoletsa. Mtengo wake ukatsika modabwitsa, wogulitsa n'kumazemba za nambala ya makina ndi chitsimikizo cha kampani, bwererani.

Mafuta, ndi kugula yogwiritsidwapo kale

Injini ya tcheniso ilibe thanki ya oyilo wa injini. Oyilo amasakanizidwa ndi petulo, pa muyeso wa 50:1 kwa makina ambiri amakono, kutanthauza mamililita 20 pa lita imodzi, kapena 100 pa malita 5. Akhale oyilo wa two-stroke, wosakaniza ndi petulo, wopangira injini zoziziritsidwa ndi mpweya, osati wa galimoto kapena wa injini za boti. Sakanizani wokwanira masabata ochepa, chifukwa petulo wokhalitsa amawononga timphira ta mu kabuleta. Thanki inayo ndi ya oyilo wa tcheni, womata. Musathiremo oyilo wakuda wotsitsidwa m'galimoto: ali ndi tizitsulo todya pampu ndi bar, ndipo ndi woipa pakhungu. Kuti muone ngati pampu ikugwira, lozetsani nsonga pachitsa osakhudza, wonjezerani moto, pazioneka kamzere ka oyilo.

Tsiku lina mnyamata amene ankandithandiza anasokoneza zigubu, n'kuthira petulo wosasakaniza. Makina analira bwinobwino, mwina bwino kuposa masiku onse. Ndinagwetsa mtengo umodzi, ndili pakati pa wachiwiri liwu linasintha, mphamvu inagwa, kenako zii. Chingwe chinakana kukoka. Titamasula chotulutsira utsi n'kusuzumira pabowo, pisitoni inali ndi mizere yakuya yotsika ngati yakandidwa ndi zikhadabo, aluminiyamu atasungunuka n'kumatirira pa ring'i. Poti anali makina a akatswiri, tinasintha silinda ndi pisitoni n'kupitiriza ntchito sabata yomweyo. Kuyambira pamenepo chigubu chosakaniza chimakhala cha mtundu wakewake, ndipo chosasakaniza sichifika n'komwe kunkhalango.

Bowo lomwelo ndi lomwe muyenera kusuzumira mukamagula makina omwe wina anagwiritsapo kale. Ya akatswiri yakale yosamalidwa bwino imaposa ya pakhomo yatsopano, koma pemphani mwini wake amasule chotulutsira utsi, ndi mabawuti ochepa chabe. Kokani chingwe pang'onopang'ono mukuwalitsa ndi tochi. Pisitoni ikhale yosalala, yonyowa ndi oyilo pang'ono, yopanda mizere yotsika. Kenako nyamulani makinawo ndi chingwe cholizira chokha: ngati injini ikadali ndi mphamvu yopanikiza mpweya, amalendewera kapena kutsika pang'onopang'ono modukizadukiza, koma yotha imangotsetsereka mpaka pansi. Chotsani sefa muone ngati kuseri kwake kuli fumbi, chifukwa fumbi lomwe ladutsa sefa lapita mu silinda. Gwedezani kilatchi ndi dzanja kuti mumve ngati mabering'i ali ndi mpata. Funsani kuti muwalize ali ozizira, osati atawatenthetsa kale inu musanafike, ndipo akalira asiyeni angokhala kwa mphindi zingapo, mukuwapendeketsa mbali iyi ndi iyo. Liwu likamakwera lokha kapena injini ikazima mukapendeketsa, mpweya ukulowera pa masilo, timphira totseka mpweya pa crankshaft (chitsulo chomwe pisitoni imazungulitsa), ndipo pisitoni yomwe mwaiona yosalala ija siikhala choncho nthawi yaitali.